Chithunzi chimene Mayi Kamodzi anakana kubwereza

Malemu anabadwa pa 9 Juni, 1964, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali achinayi m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Woyamba kubadwa ndine, mlongo wawo, amene ndaima pamaso panu. Abale ankati ineyo ndidzafera pamsewu n'kuikidwa ndi anthu osandidziwa chifukwa cha kuyendayenda kwangaku, koma taonani, okhazikika onse ndawaperekeza ndine. Miyendo yatopa, maso nawo atopa. Ndikaphonya mzere mundipirire.

Ndisanapite patali, ndinene chimene chikutilemera tonse pano. Kuyambira pamene malemu anagonekedwa m'chipatala, pakhala manong'onong'o akuti anaphedwa ndi chithunzi cha ekisile chojambulidwa molakwika, ndipo amene anachijambula ndi wachiwiri wawo pantchito. Mayi amenewo dzulo anaima kunja kwa geti tsiku lonse, ndipo lero ndawaonanso pomwepo, pafupi ndi magalimoto, chifukwa banja linawauza kuti asaponde pabwalo pano. Malemu anandisiyira mawu pa nkhani imeneyi. Ndiwanena mbiri ikafika pamalo pake. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mu 1971 malemu anayamba sukulu ya pulayimale, ndipo mu 1979 anasankhidwa kupita ku sekondale. Anali mwana wosakonda kufufuta. Ankakhala ndi pensulo kukamwa, maso ali pa kope, anzawo atalemba kale tsamba lonse, ndiyeno n'kulemba kamodzi basi. Kuwatuma kugolosale kunali kudziputira njala, chifukwa ankayamba afunsa kaye mtundu wa sopo, kukula kwake, komanso chochita akapeza watha. Bambo athu ankaseka, amvekere mwana uyu mwamuna wodzamufunsira adzabwere ndi mpando ndi bulangete. Anamaliza sekondale mu 1983, chaka chomwecho bambo anatisiya, ndipo sukulu inaimira pamenepo.

Mu Febuluwale 1984 analembedwa ntchito pachipatala chachikulu, m'chipinda chamdima cha ku ekisile. Achinyamata a lero simukuchidziwa chipinda chimenechi. Kale chithunzi cha mafupa chinkatuluka pa filimu, ndipo filimuyo ankaiviika m'mankhwala mumdima, n'kuitsuka, n'kuiyanika ngati chovala. Kachipinda kake kanali kopanda zenera, kababu kofiira kamodzi, ndi kabowo pakhoma kolandirira mafilimu. Malemu ankaweruka akununkha ngati viniga, zala zitachita chikasu, ndipo akatuluka padzuwa ankatsinzina ngati mfuko. Mayi athu ankawaseka kuti anthu amapita kuntchito kukaona dziko, iwo amapita kukabisala.

M'chipinda chimenechi ndi mmene munayambira zonse. Tsiku lina anabwera nawo bambo wachikulire amene anathyoka m'chiuno atagwa padenga. Filimu yoyamba inatuluka yakuda. Ina inatuluka ndi makiyi a m'thumba atatchinga fupa lomwe ankalifunalo. Ina bamboyo anagwedezeka. Nthawi iliyonse ankawanyamula kuchoka pa kabedi ka matayala kuwaika patebulo lolimba lija, kuwatembenuza mwendo, ndipo malemu ali mumdima ankamva kukuwa kudzera pakabowo. Anandiuza patapita zaka kuti bamboyo kumapeto anasiya kukuwa, anangoyamba kupepesa, ngati wolakwa ndi iwo. Kupepesa kumeneko ndi kumene sikunawachoke m'makutu.

Pa 15 Ogasiti, 1987, anakwatiwa ndi alamu athu okonza mawotchi, amene anali ndi katebulo pakhonde la sitolo ya nsapato. Anakumana anthu awiri odekha. Ife tinkati nyumba imeneyo itapsa, mmodzi adzayamba wafunsa kumene moto wayambira, winayo akuyang'ana nthawi. Koma linali banja lamtendere, ndipo ine ndikatopa ndi misewu ndinkakagona pamkeka m'chipinda chawo chochezera, pakati pa mawotchi a eni ake, onse akulira nthawi zosiyana. Mulungu anawapatsa mwana wamwamuna mu 1988 ndi wamkazi mu 1993.

Mu 1989 chipatala chinawatumiza kusukulu ya ntchito yojambula odwala. Anasiya khanda m'manja mwa mayi athu, ndipo anabwerako mu 1992 ndi pepala lawo. Kuyambira pamenepo anatuluka mumdima n'kuima kuseri kwa galasi, atavala epuloni yolemera ija, chala chili pabatani.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ine sindinakaone ndi maso. Ndinakamva kwa alendo. Ine moyo wanga wathera m'mabasi, m'nyumba zogona apaulendo ndi pamabenchi a ometa tsitsi, ndipo ndinaphunzira kuti munthu amene anathyokapo fupa sasowa nkhani. Ukangofunsa za chipsera, wayatsa wailesi. Kangapo konse nkhani zimenezi zinkathera kwa mayi wina wamfupi wa ku ekisile, ine n'kungokhala chete osaulula kuti ndi mlongo wanga, chifukwa munthu ukadziulula amayamba kuthira shuga.

Wogulitsa maloko wina anandiuza kuti mayiyo asanalowetse munthu m'chipinda cha makina, ankatuluka kaye pabenchi n'kuphunzitsa mzere wonse kupuma. Kokani mpweya, gwirani, tulutsani, onse pamodzi, mapewa kukwera, mapewa kutsika. Amvekere inali kwaya ya anthu osaimba. Amene walephera pabenchi ankamuika dzanja pamsana n'kupuma naye limodzi mpaka agwire. Mayi wina, tikudikira basi yofa tayala, anati anasechedwa kuposa pachipata cha ndende: mapini a m'tsitsi, unyolo wa pakhosi, zingwe za kamisolo, foni yobisa pachifuwa, zonse m'kambale. Khanda lake linkalira osatonthozeka, koma wojambulayo anati lisiyeni lilire, n'kudikira pamene kulira kwathera ndipo mwana akukoka mpweya wambiri kuti ayambirenso. Pomwepo anadina. Chithunzi chinatuluka bwino ulendo woyamba. Kunalinso agogo ena ogontha amene anapangana nawo kuti akaona dzanja lakwera kuseri kwa galasi, aume ngati mtengo.

Si onse ankayamika. Dalaivala wina wa lole anatukwana ulendo wonse, akuti mayi ameneyo anamudyera tsiku lathunthu, mzere osayenda, iye ali kalikiliki kuwongola phewa la munthu ngati akupachika chithunzi cha ukwati. Ndinamufunsa ngati anamubweza kuti akajambulidwenso. Anati ayi. Ndiye anapitiriza kutukwana.

Malemu ankati cheza cha makina aja sichioneka, sichipweteka, koma si madzi oti munthu azingothiridwa. Ankati kuwonjezera pa chezacho, kubwereza ndi kutembenuzanso munthu wothyoka, ndi kubweza munthu wochokera kutali amene wasiya ana kwa aneba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anzawo anawapatsa dzina loti Mayi Kamodzi, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka ena mwa inu dzina lawo lenileni mwalimva lero m'pemphero.

Mu 2001 anakwezedwa kukhala mkulu wa ku ekisile. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kumanga waya m'kachipinda komwera tiyi, kuchokera pa msomali wa kalendala kukafika pazenera. Filimu iliyonse yowonongeka, m'malo moponyedwa m'katoni, inkapanidwa pawaya ndi zopanira zovala. Lachisanu masana ankakhala pansi onse, n'kumatsitsa imodziimodzi, kufunsana kuti apa chinachitika n'chiyani: wodwala anagwedezeka, kapena wojambula anadula nsonga ya mapapo, kapena batani la malaya linaiwalika. Poyamba waya ankalemera mpaka kugwa pakati. Patapita zaka zingapo, masabata ena ankakhala ndi zopanira zokhazokha. Akuluakulu a zipatala zina ankabwera kudzaona, ndipo ena anakamanga waya wawo.

Koma ndikanena zokoma zokha ndikhala ngati wogulitsa mankhwala m'basi. Wayayo ankaopedwa. Malemu sankakalipa, ankangoyang'ana filimu nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana mwini wake. Alipo amene anasamuka chifukwa cha maso amenewo. Ku ekisile kunabadwa mawu akuti wapachikidwa, ndipo munthu wopachikidwa tiyi sankamukoma sabata yonse. Filimu ya malemu eni ake inali isanakwerepo pawaya chimangireni, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo, iwonso ankadziwa kuti aliyense akudziwa.

Mu 2003 kunabwera mayi amene anadzakhala wachiwiri wawo. Sabata yawo yoyamba anapachikidwa, analira m'chimbudzi, koma sanasamuke. Anagwira limodzi zaka pafupifupi makumi awiri, mpaka ankamvana ndi nsidze zokha. Malemu ankawatchula kuti mng'ono wanga. Alamu athu atamwalira mu 2009, ine ndinali kutali, uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale. Amene anagona m'nyumba muno mwezi wathunthu, kuphikira ana ndi kubweza mawotchi kwa eni ake, anali mayi amenewa. Mphwanga wamkazi, iwe mwana wa malemuwa, diresi yako ya ukwati anakusokera usiku ndi usana ndi ndani, ukudziwa wekha.

Mu 2015 chipatala chinalandira makina a kompyuta, chipinda chamdima n'kusanduka mosungira zikolopa. Anthu anasangalala kuti tsopano chithunzi chikalakwika ungodinanso, choipacho n'kufufuta, palibe filimu yowonongeka. Malemu anabwera kunyumba ali khuma. Anati filimu yasiya kuwonongeka, koma munthu woimikidwa kutsogolo kwa makina ndi yemwe uja. Analetsa kufufuta. Zithunzi zolakwika zonse zinkasungidwa pamalo amodzi m'kompyutamo, ndipo malowo ankawatchulabe kuti pawaya. Lachisanu linapitirira ngati kale.

Tsopano ndafika pa mawu aja. Mu Ogasiti 2022 malemu anayamba kutsokomola. Anati ndi fumbi. Chifuwa chitakana kutha, dokotala anawalembera kuti akajambulidwe, ndipo anatsika masitepe kupita kuchipinda chawo chomwe, n'kuvala gauni ya odwala. Amene anali pabatani ndi wachiwiri wawo. Anawauza kuti akoke mpweya, agwire. Mayi amene anaphunzitsa tauni yonse kugwira mpweya analephera kuugwira. Chifuwa chinawatsamwitsa pomwe batani linkadinidwa, anapindika pang'ono, chithunzi n'kutuluka chachimbuuzi, mbali ya m'munsi ya papo lakumanja itadulidwa.

Mawu a malemu ndi awa, ndipo ndikuwanena monga anandiuzira. Wachiwiri wawo ataona chithunzicho ananena pomwepo kuti tibwereze. Ananena kawiri. Malemu anazungulira kuseri kwa galasi, gauni ili m'thupi, anayang'ana okha, n'kunena kuti chikuoneka, chakwana, tumizani. Kunja pabenchi kunali mzere umene iwo eni anauphunzitsa kupuma m'mawa womwewo, m'chipindamo munali ophunzira ntchito, ndipo Lachisanu linali mawa lake. Anati m'maganizo mwawo anaona chithunzi cha chifuwa chawo chili pawaya, anthu onse akumwa tiyi mwakachetechete, ndipo mtima unakana. Wachiwiri wawo anatsegula pakamwa kachitatu, malemu anawayang'ana ndi maso aja. Munthu amene wakhala zaka zonsezo akumvera maso amenewo akanatani?

Dokotala woona zithunzi anabweza mawu akuti chithunzicho sichikuonetsa bwino, ajambulenso. Mawuwo anafikira kwa mkulu wa ku ekisile, amene anali wodwala yemweyo. Anati adzajambulitsa chifuwa chikachepa, kuti adzathe kugwira mpweya bwinobwino. Anamwa mapiritsi, chifuwa chinachepadi pang'ono, ntchito inachuluka, mwezi unatha, wina unatha. Wachiwiri wawo ankawakumbutsa mpaka anayambana, osalankhulana sabata ziwiri, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mu Epulo 2023 anakomoka pantchito. Atawajambulanso, anapeza chotupa m'munsi mwa papo lakumanja, pamalo pomwe panadulidwa paja, ndipo chinali chitafalikira. Madokotala anati ndi khansa. Ine ndinawafunsa maso ndi maso ngati akanachira chikanapezeka mu Ogasiti. Anati mwina, mwinanso ayi, palibe angalumbire. Ndikunena zimenezi kuti wina asachoke pano ndi yankho limene madokotala omwe alibe.

Mphwanga wamwamuna anamva m'makonde a chipatala kuti chithunzi choyamba chinali cholakwika, anamvanso dzina la amene anajambula. Zina zonsezi sanazimve, chifukwa odziwa nkhani yonse anali awiri okha: mmodzi anali ndi manyazi, winayo sakanaulula mkulu wake ali pabedi. Mphwanga anapita ku ekisile, analankhula mawu pamaso pa odwala, ndipo analetsa mayiwo kulowa m'chipinda chimene munagona mayi ake. Sindikumuweruza. Mwana akamaona mayi ake akutha ngati sopo amafuna munthu woti amuloze chala. Wachiwiri uja kuyambira tsiku limenelo sanakhudzenso batani. Anapempha kuti awasamutsire kosungira katundu, ndipo mpaka lero akupinda magauni, pamene ku ekisile mzere ukufika pamasitepe.

Ine uthenga wa matenda unandipeza mochedwa monga mwa masiku onse, koma ulendo uno ndinafika. Ndinakhala nawo miyezi iwiri yomaliza. Malemu ankafunsa tsiku ndi tsiku chifukwa chimene mng'ono wawo sakubwera kudzawaona, ana n'kumati watanganidwa. Sabata yomaliza, namwino wina anawauza zoona. Masana amenewo, ana atapita kukagula mankhwala, anandikokera pafupi, anachotsa chopumira kukamwa, n'kundifotokozera zonse ndanenazi, pang'onopang'ono, akupumira pakati pa mawu. Ndinati auze anawo okha. Anati ayesa, koma alephera, chifukwa ana awo anakula akudziwa mayi wosalakwitsa. Anati inu achimwene mwakhala mukunyamula nkhani za anthu osawadziwa moyo wanu wonse, nyamulaniko yanga, mukaitule pamene pali anthu ambiri, chifukwa mng'ono wanga ananyozedwa pamaso pa anthu.

Anatinso ndiuze a ku ekisile kuti waya asamuchotse, pakuti anathandiza anthu ambiri. Koma chithunzi chawo cha Ogasiti chija achiike pamenepo, chikhale choyamba kukambidwa Lachisanu likubwerali, ndipo wotsogolera zokambiranazo akhale wachiwiri wawo. Anati anaphunzitsa anthu kuopa kubwereza, anaiwala kuwaphunzitsa kuti chithunzi chikaipa, ngakhale mwini wake akhale ndani, chimabwerezedwa.

Malemu anatisiya pa 21 Novembala, 2023, dzuwa likutuluka, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 59.

Asiya ana awiri, mpongozi, mkamwini, adzukulu anayi, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso mng'ono wawo wa pantchito, amene ananena kuti tibwereze.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, makamaka namwino amene sanawabisire zoona. Ndikuthokoza a ku ekisile amene ankasinthana kudzawatembenuza pabedi, aneba amene atibwereka mipando ndi kutunga madzi, a mpingo, akwaya, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Pepala ili ndinawawerengera adzukulu a bambo anga, ana a malemuwa, dzulo masana, kuti asadzalimvere pagulu. Mphwanga wamkazi analira. Mphwanga wamwamuna anangotuluka. Koma mipando ya kutsogoloyi wayala ndi iye m'mawa uno, ndipo pakati pa iye ndi mlongo wake wasiya umodzi wopanda munthu. Ine miyendo yanga siingafike kugeti. Mphwanga, dzuka ukawatenge mayi ako aang'ono. Tidikira, sitinyamula bokosi asanakhale pansi.

Achemwali, katundu wanu ndatula. Mzimu wanu uuse mumtendere.